Chipolopolo Chochedwa: Zimene Mlenje Amataya Pofuna Bata

 Takulandirani ku pulogalamu ya sayansi ndi luso la manja. Lero tili ndi nkhani imene ambiri a ife timaidziwira m'mafilimu basi. Chigawenga chimatulutsa mfuti, chimapotokolera kachitsulo kutsogolo kwa mpope, chimawombera, ndipo chomwe chimamveka ndi kakuti "pfu", ngati mwana wauzira nthenga. Mlonda amene ali kuseri kwa khoma samva kanthu. Chifukwa cha zithunzi zoterezi, munthu akamva kuti ku America, ku Finland kapena ku New Zealand kuli anthu amene amakhala pa tebulo madzulo n'kumadzikonzera okha zipolopolo zoti zizilira motsitsa, amaganiza kuti amenewo ndi anthu a zolinga zamdima. Ine ndikufuna kukuonetsani kuti mantha amenewa tawaika pamalo olakwika. Ngozi ya zipolopolo zochedwa ilipodi, koma imagwera kwambiri nyama imene yalasidwa osafa, ndi munthu mwiniyo amene anakonza chipolopolocho. Kuti tifike pamenepo, tiyambe kaye tamvetsa kuti mfuti ikalira chimalira kwenikweni n'chiyani.

Khutu limamva ngati kuphulika kumodzi, koma mfuti yaikulu ya alenje imatulutsa maphokoso awiri osiyana gwero. Loyamba ndi la mpweya wotentha umene onga umapanga ukapsa. Mpweya umenewu umakankha chipolopolo mu mpope, ndipo chipolopolo chikangotuluka, mpweyawo umatulukira pakhomo mwadzidzidzi, uli wopanikizikabe kwambiri. Phokoso lachiwiri silichokera mu mfuti ayi, limachokera pa chipolopolo chenichenicho chili mumlengalenga. Phokoso limayenda mumpweya pa liwiro la mamita 343 pa sekondi imodzi kukakhala kotentha madigiri 20, ndiye chifukwa chake mphezi ikang'anima kutali timadikira kaye tisanamve bingu, masekondi atatu pa kilomita iliyonse. Chinthu chikathamanga kuposa liwiro limeneli, mpweya umene uli kutsogolo kwake umalephera kupatuka msanga, umaunjikana, n'kusweka ndi mkokomo wakuthwa. Aliyense amene anamvapo chikwapu cha woyendetsa ngolo chikuti "thyaa" anamva zomwezi, pakuti nsonga ya chikwapu imapitirira liwiro la phokoso pa kamphindi komweko. Mu 1887 katswiri wa sayansi Ernst Mach pamodzi ndi mnzake Peter Salcher anafalitsa zithunzi zoonetsa funde limeneli likutsagana ndi chipolopolo chouluka. Chipolopolo cha mfuti ya .308 Winchester chimatuluka pa liwiro la mamita oposa 800 pa sekondi, ndiye chikwapu chakecho chimalira njira yonse imene chikudutsa.

Sailensa ya mfuti imalimbana ndi phokoso loyamba lokha. Ndi chitini chachitsulo chokhala ndi tizipinda totsatizana, momwe mpweya wotentha umafutukuka, kuzizira ndi kutuluka pang'onopang'ono, ndipo n'chimodzimodzi ndi sailensa ya galimoto kapena njinga yamoto. Kufanana kumeneku si kwangozi. Hiram Percy Maxim wa ku America, amene analandira chiphaso cha umwini wa luso limeneli mu 1909, ankagwiranso ntchito yochepetsa kulira kwa injini. Bambo ake, Hiram Stevens Maxim, ndi amene anapanga mfuti yachiwaya ija imene inasesa ankhondo a Amandebele pa mtsinje wa Shangani mu 1893, ndipo bambowo anakalamba ali ogontha chifukwa choyesa mfuti zawo. Ife a pawailesi tili ndi chifukwa china chomukumbukira mwanayo, pakuti mu 1914 anathandiza kuyambitsa bungwe la anthu okonda mawailesi la American Radio Relay League. Koma sailensa yake, ngakhale itakhala yabwino chotani, ilibe mphamvu pa chipolopolo chimene chatuluka kale. Njira imodzi yokha yoletsera chikwapu chija ndi kuchedwetsa chipolopolo kuti chisafike pa liwiro la phokoso, ndipo apa ndi pamene pamalowera luso lodzikonzera zipolopolo.

Kwa amene anaonapo mfuti ya gogodela, kudzikonzera zipolopolo si chinthu chachilendo kwenikweni. Mlenje wa gogodela ankathira yekha onga mu mpope, kutsendera, kuika mtovu, ndipo mphamvu ya kuwombera kulikonse inkadalira dzanja lake. Wodzikonzera wamakono amachita zomwezo koma pa tebulo, ndi sikelo yoyeza tizigawo ting'onoting'ono ta galamu. Amatenga chigoba chamkuwa chimene chinawomberedwa kale, amachibwezeretsa muyezo wake, amaikamo primer yatsopano, kaja kabatani kamene kamayatsa moto, amathira onga woyezedwa, n'kukhazika chipolopolo pakamwa pa chigobacho. Mungafunse kuti bwanji osangogula za m'sitolo. Yankho lake lili pa kupyapyala kwa malire amene munthuyo akufuna kuyendamo. Chipolopolo chimodzimodzi chimatuluka pa liwiro losiyana mu mpope waufupi ndi mu mpope wautali. Liwiro la phokoso nalonso silikhazikika, limatsika kufika mamita 331 pa sekondi kukazizira mpaka madigiri 0, ndipo limakwera kupitirira 350 masana otentha. Ndiponso mpweya wozungulira chipolopolo umayamba kusweka chipolopolocho chisanafike pa malire enieniwo. Choncho odziwa ntchitoyi amalunjika liwiro la pakati pa mamita 300 ndi 320 pa sekondi, ndipo amaliyeza ndi makina otchedwa chronograph pa mfuti yawoyawo. Fakitale siingadziwe mfuti ya munthu aliyense, pomwe mwini wake angaidziwe.

Tsono amapindulanji pa khama lonseli? Phindu lalikulu, ndipo mwina lokhalo losatsutsika, ndi makutu. Mfuti yaikulu yopanda sailensa imalira pakati pa madesibelo 160 ndi 170. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amaika malire pa madesibelo 140 pa phokoso ladzidzidzi, ndipo kupyola pamenepo kuwombera kumodzi kokha kungathe kuononga timaselo ta mkati mwa khutu timene sitimeranso mwa munthu. Ku America, kulira kwa m'makutu kosatha ndi chilema chimene chimatsogola pa mndandanda wa zimene boma limalipira asilikali opuma. Sailensa yabwino imachotsa madesibelo pakati pa 20 ndi 35. Manambala amenewa amaoneka aang'ono, koma muyezo wa desibelo umakwera mochulukitsa, kotero kuti kutsitsa ndi 30 ndi kuchepetsa mphamvu ya phokoso kachikwi. Mukaphatikiza ndi chipolopolo chochedwa, mfuti imatsika kufika pansi pa malire oopsa aja, galu wosakira amene ali pambali sagontha, ndipo anthu okhala pafupi ndi bwalo lophunzirira kuwombera amagona. Komabe taonani kuti madesibelo 125 kapena 130 si kunong'ona. Makina ochekera mitengo amalira pafupifupi 110. Chilungamo chake n'chakuti phokoso la kamphindi kochepa limamveka lofatsirapo kusiyana ndi la makina olira mosalekeza, ndipo patali limazimirira msanga, koma munthu amene ali m'chipinda choyandikana amamva ndithu. Kakuti "pfu" kaja amakapanga ndi anthu okonza mawu a filimu.

Wina anena kuti ngati nkhani ndi makutu, zotsekera m'makutu zilipo ndipo n'zotchipa. N'zoona, ndipo pa bwalo lophunzirira aliyense wanzeru amavala, ngakhale ali ndi sailensa. Koma mlenje m'nkhalango amasaka ndi makutu ake, amamvera kuthyoka kwa kamtengo ndi mapazi a anzake, ndipo ambiri amasiya zotsekerazo m'thumba. Zotsekera zimateteza wovala yekha, pomwe sailensa imateteza onse amene ali pafupi. Ndicho chifukwa chake maiko ena amene malamulo awo a mfuti ndi okhwima amaona sailensa ngati chida chaulemu. Ku Norway ndi ku New Zealand imagulidwa popanda chiphaso chakechake, ku Britain alenje a agwape ambiri amaigwiritsa ntchito, ndipo Germany inalola alenje ake kuiika pa mfuti zazitali mu 2020. Chodabwitsa n'chakuti America, dziko lodzala mfuti, ndi limene linaiika pamodzi ndi mfuti zachiwaya mu lamulo la National Firearms Act la 1934, ndi msonkho wa madola 200 pa nthawi imene sailensa yeniyeniyo inkagulidwa madola ochepa chabe.

Chitsutso cholemera ndi cha umbanda, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Mbiri imachitira umboni kuti zida zimenezi zinapangidwapo ndi cholinga chopha mwakachetechete. M'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Angerezi anapanga mfuti ya De Lisle, imene inkawombera chipolopolo cha .45 ACP, chochedwa mwachibadwa, kudzera mu sailensa yokuta mpope wonse. M'zaka za m'ma 1980 dziko la Soviet Union linapanga chipolopolo cha 9×39 ndi mfuti ya VSS Vintorez pa zolinga zofananazo. Pa 31 May 2019, mu mzinda wa Virginia Beach, munthu wina anapha anthu 12 mu ofesi za boma, ndipo imodzi mwa mfuti zake inali ndi sailensa. Kuno kum'mwera kwa Africa nkhaniyi ili ndi nkhope yakeyake, pakuti opha zipembere mozemba ku Kruger National Park, ambiri mwa iwo olowera m'malire a Mozambique, akhala akugwidwa ndi mfuti za alenje zokhala ndi masailensa, ndipo mu 2014 mokha South Africa inataya zipembere 1,215. Amene amateteza nyama zakutchire akanena kuti sailensa imawavutitsa kudziwa kumene mfuti yalirira, akunena zoona, ndipo ndi chifukwa chokwanira chakuti chida chimenechi chizikhala m'kaundula wa boma m'maiko amene ali ndi vutoli. Ku Malawi, kungosunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Firearms Act, ndipo palibe chimene chanenedwa mu pulogalamu ino chimene chikusintha zimenezo.

Koma tiyeni tiuyang'ane bwino umboni womwewo. Mu 2017 mmodzi wa akuluakulu a bungwe la ATF, limene limayang'anira mfuti ku America, Ronald Turk, analemba kuti pa masailensa oposa miliyoni imodzi olembetsedwa, milandu yokhudza masailensa imene bungwelo linkapereka kwa oimba milandu inali pafupifupi 44 pa chaka. Chigawenga cha mumzinda chimafuna mfuti yobisika m'thumba, ndipo sailensa imaitalikitsa. Nanga opha zipembere aja? Mfuti zawo ndi za .375 ndi .458, ndipo zipolopolo zake zimathamanga pafupifupi kuwirikiza kawiri liwiro la phokoso. Amasankha zimenezi chifukwa chikopa ndi mafupa a chipembere zimafuna mphamvu. Ndiye kuti ngakhale munthu amene moyo wake ukudalira kusamveka safuna chipolopolo chochedwa pamene akufunadi kugwetsa chinthu chachikulu. Mfundo imeneyi ikutifikitsa pa mtima wa nkhani yathu. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a chipolopolo chochedwa ndi kuchepa mphamvu.

Mphamvu ya chinthu choyenda imadalira kulemera kwake kamodzi, koma imadalira liwiro lake kawiri, kutanthauza liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Mukadula liwiro ndi theka, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa anayi. Chipolopolo cha .308 cholemera pafupifupi magalamu 10, chotuluka pa mamita 860 pa sekondi, chimanyamula majoule oposa 3,500. Wofuna bata waletsedwa kukweza liwiro, ndiye chimene chamutsalira ndi kulemera kokha. Pa chifukwa chimenechi J. D. Jones wa kampani ya SSK Industries anapanga .300 Whisper kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kachigoba kakang'ono konyamula chipolopolo chachitali cholemera, ndipo ganizo lomwelo linadzabadwanso ngati .300 AAC Blackout, imene bungwe la SAAMI, loika miyezo ya zipolopolo ku America, linavomereza mu 2011. Chipolopolo chake cholemera kwambiri chimapitirira pang'ono magalamu 14. Koma pa liwiro la mamita 310 pa sekondi, mphamvu yake siifika majoule 700, gawo limodzi mwa asanu a .308 ija. Munthu wagwira mfuti yaitali paphewa, koma mphamvu imene ali nayo ndi ya mfuti yapamanja yaikulupo.

Opanga malamulo a usaki anazindikira zimenezi kalekale. Ku England ndi ku Wales, lamulo la Deer Act la 1991 limafuna kuti chipolopolo chophera agwape aakulu chituluke ndi mphamvu yosachepera pafupifupi majoule 2,300. Ku Scotland anachita kutchula liwiro, lomwe siliyenera kutsika pansi pa mamita pafupifupi 747 pa sekondi, kuwirikiza kawiri liwiro la phokoso ndi kupitirira. Taonani nzeru yake: dziko lomwelo limene limalola mlenje kuika sailensa limamuletsa kuchedwetsa chipolopolo pa nyama yaikulu. Lamulo likusiyanitsa zinthu ziwiri zimene mafilimu amaziphatikiza. Ndipo likuchita zimenezi poganizira nyamayo. Zipolopolo zambiri za alenje zinapangidwa kuti zikalowa m'thupi zifutukuke ngati bowa ndi kupha msanga, koma kuti zitero zimafuna kugunda pa liwiro la mamita pafupifupi 550 pa sekondi kapena kuposa. Pa mamita 300 pa sekondi chipolopolo chotere chimangoboola kabowo kakang'ono n'kudutsa, gwape n'kuthawa ndi bala kukafera m'tchire patapita maola kapena masiku. Mlenje aliyense wa ulemu wake, wa ku Scotland kapena wa m'midzi mwathu, amadziwa kuti palibe manyazi oposa amenewo.

Pali vuto linanso la njira imene chipolopolo chimadutsa. Dziko limakokera pansi chinthu chilichonse mofanana, chothamanga ndi chochedwa chomwe, kusiyana kwake ndi nthawi imene chakhala mumlengalenga. Chipolopolo cha .308 chimafika pa mamita 100 chitagwa masentimita pafupifupi 7 kuchokera pa mzere wa mpope. Chochedwa chimatenga gawo limodzi mwa atatu a sekondi kufika pomwepo, ndipo chimakhala chitagwa theka la mita. Pa mamita 200 chagwa mamita oposa awiri, ngati mwala wa legeni. Kulakwitsa pang'ono poyerekeza mtunda kumasandutsa chipolopolo cholunjika pamtima kukhala chothyola mwendo. Ndipo chikaphonya, chipolopolo cholemera chochedwa sichisweka chikagunda nthaka yolimba kapena mwala monga chimachitira chothamanga, chimanjanja n'kupitirira ulendo kumene mwini wake sanafune. Okonda lusoli amayankha kuti masiku ano kuli zipolopolo zapadera zopangidwa kuti zitseguke pa liwiro lotsika, komanso kuti pa ntchito zina chipolopolo chochedwa ndi choyenera ndithu, monga kuchepetsa akalulu oononga minda ku Britain ndi mfuti ya .22, kapena nkhumba zakutchire ku Texas pamtunda waufupi. Ndikuvomereza zonsezi. Koma yankho limenelo likutsimikiza mfundo yanga yomwe ija, pakuti likusonyeza chida cha ntchito zochepa, cha pafupi, chofuna munthu wodziletsa amene angatsitse mfuti n'kuileka nyama ipite ikakhala patali.

Tsopano tibwerere pa tebulo lija, pamene pali ngozi imene anthu akunja saiganizira n'komwe. Nzeru wamba imati onga wochepa ndi wotetezeka kuposa onga wambiri, monga mchere wochepa suononga ndiwo. Pa zipolopolo nzeru imeneyi imapha. Chigoba cha mfuti yaikulu chinapangidwa kuti chidzaze ndi onga wopsa pang'onopang'ono, ndipo wodzikonzera akalakwitsa n'kuthira kawiri, ongawo umasefukira pa tebulo, iye n'kuona. Pokonza chipolopolo chochedwa, munthu amagwiritsa ntchito onga wopsa mwachangu koma wochepa kwambiri, umene umangokhala pansi pa chigoba ngati madzi otsalira mu ndowa. Muyezo wachiwiri ungalowe m'menemo, ngakhale wachitatu, diso osaona kusiyana. Chigoba chimodzi chotere pakati pa makumi asanu abwino chikwanira kung'amba mfuti pafupi ndi nkhope ya mwini wake. Makampani ena anayesa kuthandiza popanga onga wofufuma umene umadzaza malo ambiri pa kulemera kochepa, monga Trail Boss wa kampani ya Hodgdon, ndipo chigoba chaching'ono cha .300 Blackout chimachepetsako vutoli. Koma chitetezo chenicheni chikadali chizolowezi cha munthu, kuyeza muyezo uliwonse pa sikelo, kuunika ndi tochi m'chigoba chilichonse asanakhazike chipolopolo, ndi kusasuntha pa manambala amene makampani a onga monga Hodgdon kapena Vihtavuori ya ku Finland anayesa m'mipope yoyezera kupanikizika. Ndicho chifukwa chake pa wailesi ino simumva ife tikutchula muyezo wa onga, pakuti nambala yomvedwa ndi khutu n'kusungidwa pamtima ndi imene imaphulitsa mfuti.

Kutalika kwa chipolopolo cholemera kumabweretsa vuto lakelake. Mkati mwa mpope muli timizere tozungulira timene timapotokola chipolopolo kuti chiziuluka chikuzungulira, ndipo chimaima chilili mumpweya monga nguli imaimira pa nsonga yake ikamazungulira. Nguli ikayamba kuchedwa imadzandira. Chipolopolo chachitali chimafuna kuzungulira kwambiri kuposa chachifupi, monga anasonyezera katswiri wa masamu Alfred George Greenhill mu 1879, koma chikachedwa kutuluka chimazunguliranso mochedwa. Mipope ya .300 Blackout imapotokola chipolopolo kamodzi pa mainchi 7 kapena 8 alionse, pomwe mipope yambiri ya .308 imatero pa mainchi 10 mpaka 12. Amene aika chipolopolo chachitali chochedwa mu mpope wopotokola mwaulesi amachiona chikufika pa pepala cham'mbali, ndipo zikatero ndi mwayi. Sailensa ikakhalapo, chipolopolo chodzandiracho chimagunda timakoma ta m'kati mwake chisanatuluke. Pachifukwa ichi odziwa amayamba kuyesa zipolopolo zatsopano sailensa atachotsa, n'kuyang'ana ngati mabowo a pa pepala ali ozungulira bwino. Palinso msampha wina umene wavulazapo anthu ku America, wakuti chipolopolo cha .300 Blackout chingathe kulowa mu mfuti ya .223, imene mpope wake ndi wopapatiza, ndipo mfuti ziwirizi zimagwiritsa ntchito magazini ofanana. Zikasakanikirana m'chikwama chimodzi, chipolopolo chonenepa chimakankhidwira mu bowo losachikwana.

Ngozi yotsiriza ili kumunsi kwa sikelo, ndipo ndi imene imalumikiza nkhani yonseyi. Wodzikonzera wamba amayamba ndi onga wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono, akuyang'anira zizindikiro za kupanikizika. Wofuna chipolopolo chochedwa amayenda chobwerera, amayamba pamwamba pang'ono pa liwiro la phokoso n'kumatsika, chifukwa pansi pali phompho. Chipolopolo chokutidwa ndi mkuwa chimakhulana mwamphamvu ndi mpope, makamaka mpope wautali kapena wakuda, ndipo mpweya woukankha ukachepa kwambiri chimaima pakati panjira. Chipolopolo chokakamiracho pachokha sichivulaza munthu. Chovulaza ndi chotsatira, chimene chimapeza njira yotsekeka, mpope n'kutupa kapena kung'ambika. Pa mfuti wamba, cholakwa chotere chimadziulula chokha, pakuti mfuti imene imayenera kubangula ikangoti "pho", paphewa osakankha, aliyense amadzidzimuka n'kuima. Koma munthu wathu uja wathera milungu akukonza mfuti yake kuti izingoti "pho" ndi kukankha mofatsa nthawi zonse. Kuwombera kwabwino ndi kuwombera kwangozi zayamba kumveka mofanana. Chimene chatsala kumuuza zoona ndi pepala la chandamale ndi makina oyezera liwiro aja. Ngati pa pepala sipanaoneke bowo latsopano, kapena chronograph sinawerenge kanthu, wodziwa amachotsa magazini, amatsegula mfuti, n'kuyang'ana kuchokera kumbuyo kwa mpope ngati kuwala kukuoneka mbali inayo, asanagwirenso chipolopolo china.